Kuchokera ku Kabula Kunka ku Karonga: Mbiri ya Njira ya Kumpoto

Mlongo wanga adakwatiwa ndi munthu wa ku Karonga, ndipo amakhala ku Chilomoni. Ana ao atatu onse adabadwira ku Gulupu nakulira m'fumbi la mu Blantyre, ndipo kufikira chaka chatha panalibe ndi mmodzi yemwe mwa iwo amene adaapondako kwao kwa bambo wao. Tsono kudabwera mau ochokera kwa agogo ao aakazi akuti maso ayamba kuchita chidima, adzukulu abwere adzaŵaone. Ine ndinali pa tchuthi, motero adandipempha kuti nditsagane nao. Chimene adandiitanira si unsembe ai. Kwathu ku Chiradzulu ana ndi a kuchikazi, ndipo mwinimbumba wao ndine malume. Kwao kwa alamu ana ndi a kuchimuna, pakuti maloŵolo adaperekedwa. Choncho m'galimoto imodzi mudakwera miyambo iŵiri yosagwirizana, ndipo ana aja, amene kusukulu amafunsidwa kaŵirikaŵiri kuti "Kwanu nkuti?", adakhala pakati. Paja akulu amati mapanga aŵiri avumbwitsa.

Kuchokera pakati pa mzinda wa Blantyre mpaka pa boma la Karonga pali makilomita pafupifupi 900. Ife tidayenda masiku atatu, kugona ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, chifukwa ana adaafuna kuona zonse. M'masiku amenewo ndidayamba kulingalira za mbiri ya njirayo, ndipo nditabwerako ndidaifufuza. Chimene ndidapeza nchakuti kwa zaka ngati 100 njira imeneyi inali yotsetserekera mbali imodzi: anthu a kumpoto ankatsikira ku Kabula mwaunyinji, koma a ku Kabula sankakwera kumpoto. Mumzinda muno muli malo atatu ochitira umboni zimenezi, ndiwo nyumba ya Mandala, siteshoni ya njanji ya ku Limbe, ndi depoti ya Wenela.

Makolo athu anali nato tinjira tao ta malonda a mchere, makasu ndi minyanga, ndipo Angoni a Zwangendaba, ataoloka Zambezi mu 1835, adalidutsa dera lonseli ndi miyendo yao. Koma njira imene idabala mzinda wa Blantyre ndi ya pamadzi. Mu 1875 amishoni a ku Scotland, motsogozedwa ndi E. D. Young, pamodzi ndi dokotala wachinyamata Robert Laws, adakwera mtsinje wa Shire ndi kasitima kotchedwa Ilala. Atafika pa mathithi a Kapichira adakaphwasula, ndipo anthu mazanamazana adasenza zidutswa zake mtunda wa makilomita ngati 100 mpaka kumtunda kwa mathithi, kumene adakalumikizanso. Mu Okutobala chaka chomwecho Ilala idaloŵa m'nyanja. Chaka chotsatira, 1876, a Church of Scotland adamanga mishoni yao m'dziko la Mfumu Kapeni naitcha Blantyre. Tiyenera kumvetsa kuti mathithi aja ndiwo adapatsa Blantyre ntchito yake. Katundu aliyense wopita kunyanja ankatsitsidwa m'sitima kwa Katunga ku Chikwawa, nkukwera mtunda pa mitu ya amtengatenga, nkupuma pa Blantyre, nkutsikiranso ku Matope kukakwera sitima ina. Mzinda wathu udayamba ngati chigono cha pa njira ya kumpoto.

Amene adagwira malonda a njirayi ndi abale aŵiri, John ndi Frederick Moir, oyang'anira kampani ya African Lakes imene idayamba mu 1878. Anthu adamutcha John dzina lakuti Mandala chifukwa cha magalasi ake a m'maso, ndipo dzinalo lidamatirira pa kampani yonse. Nyumba yao ya mu 1882 ikadalipo lero pafupi ndi pakati pa mzinda, ndipo ambiri a ife timaidutsa osaiyang'ana. Kuchokera m'nyumba imeneyo ankalamula sitima zopita kumapeto a nyanja ndi sitolo yao ya ku Karonga. Mseu wa Stevenson, umene udayambidwa mu 1881 kuti ulumikize Karonga ndi nyanja ya Tanganyika, unali mbali ya maganizo omwewo. Mmisiri wake James Stewart adamwalira mu 1883, ndipo mseuwo sudathe monga momwe adaaganizira. Nkhondo ya kampaniyi ndi Mlozi, wamalonda a minyanga ndi akapolo amene adaamanga malinga ake m'dziko la Ankhonde, idayamba mu 1887, nidzatha mu Disembala 1895 pamene Harry Johnston adamgwira Mlozi nampachika. Ndiye kuti Karonga ndi Blantyre adadziŵana kale, pamene Lilongwe anali mudzi chabe ndipo Mzuzu kunali tchire.

Sitima zimene zinkapita kumpoto ndi nsalu ndi mikanda zinkabwerako ndi anthu. Mishoni ya Livingstonia idasamuka ku Cape Maclear kupita ku Bandawe mu 1881, ndipo m'zaka za m'ma 1880 zomwezo Atonga a m'mbali mwa nyanja adayamba kutsikira kuno kudzagwira ntchito kwa Mandala, ena ngati amtengatenga, ena ngati akapitao, ena ngati asilikali. Mu 1894 Laws adakwera phiri la Khondowe nakhazikitsa sukulu yaikulu imene idaphunzitsa aphunzitsi, akalaliki, amisiri a matabwa ndi anthu odziŵa kutumiza mau pa lamya. Apa pali chinthu chofunika kuchilingalira mofatsa, chifukwa ndicho gwero la nsanje imene idadza pambuyo pake. Sukulu yapamwamba koposa m'dziko lino idamangidwa kumene kunalibe minda ya Azungu, kunalibe maofesi, kunalibe msika. Ndipo minda, maofesi ndi msika zidakhazikika kuno kumapiri a Shire. Mnyamata wa ku Henga kapena ku Chintheche sadasankhe zimenezo. Atamaliza maphunziro, msonkho wa nyumba ukumdikira, adaayenera kunyamuka. Ena adaima pa Blantyre ndi pa Zomba. Ena adapitirira, monga Clements Kadalie wa ku Chifira, amene adachoka mu 1915 nakayambitsa bungwe lalikulu la antchito achikuda ku Cape Town mu 1919.

Mboni yachiŵiri ndi Limbe. Njanji yochokera ku Port Herald, kumene tsopano timati Nsanje, idafika ku Blantyre mu 1908, ndipo Limbe adakula chifukwa cha njanjiyo ndi fakitale ya fodya ya Imperial Tobacco. Matauni aŵiriŵa adaphatikizidwa mu 1956. Koma taonani kumene njanjiyo idaloza: inali yotulutsira fodya, tiyi ndi thonje kunyanja yamchere. Pamene adaitalikitsa kuti iloŵe m'kati mwa dziko, idakaima ku Salima mu 1935. Zaka zambiri pambuyo pake idafika ku Lilongwe mu 1979 ndi ku Mchinji mu 1980, nkukhotera kuzambwe. Mpaka lero lino njanji sidapondeko m'chigaŵo cha kumpoto. Munthu wa ku Karonga wogwira ntchito ku Limbe, akafuna kukaona kwao, ankakwera sitima ya pamtunda mpaka ku Chipoka, nkudikira sitima ya pamadzi, nkukhala m'menemo masiku angapo pamodzi ndi mkazi, ana, matumba a ufa ndi njinga. Nchifukwa chake ambiri ankapita kamodzi pa zaka zingapo, ndipo ena ankangopita ali m'bokosi.

Ulendo wa panyanjawo unali ndi zoopsa zake. Pa 30 Julayi 1946 sitima yatsopano ya Vipya, itangoyenda maulendo oŵerengeka, idagubuduzika ndi namondwe pafupi ndi Florence Bay, kufupi ndi Chitimba, ndipo anthu 145 adamira. Ilala yachiŵiri, imene idapangidwa ku Scotland nkudzalumikizidwa ku Monkey Bay, idayamba kuyenda mu 1951. Mseu wa pamtunda unalipo, koma wafumbi, ndipo nthaŵi ya dzinja mitsinje inkautseka. Azungu a nthaŵi ya atsamunda adafika pochitchula chigaŵocho kuti dziko lakufa la kumpoto, ngati kuti kufa kwake kudachokera kumwamba, chonsecho amuna ake amphamvu anali m'minda ndi m'migodi ya eni mauwo. Mzuzu weniweniyo adayamba kumapeto a zaka za m'ma 1940 ngati likulu la munda wa mitengo ya mafuta yotchedwa tung, ndipo adadzakhala mzinda mu 1985.

Mboni yachitatu, depoti ya Wenela, aliyense amaidziŵa, koma achinyamata ambiri sadziŵa kuti dzinalo ndi la bungwe limene linkalemba anthu ntchito ya m'migodi ya golide ku Johannesburg. Amuna ochokera m'zigaŵo zonse ankasonkhana pamenepo. Mu Epulo 1974 ndege ya bungwelo idagwa ku Francistown nipha Amalaŵi 74 amene ankabwerera kwao, ndipo Dr Banda adaimitsa kulemba anthu kwa kanthaŵi. Kwa munthu wa ku Mzimba, Blantyre nthaŵi zambiri anali khomo chabe lotulukira kunja. Mau akuti "matchona" ndi a dziko lonse, koma midzi ya kumpoto idaŵalaŵa koposa.

Sindifuna kuti oŵerenga aganize kuti kutsika kumeneku kudangobala zoŵaŵa. Kudabalanso Malaŵi amene tikumdziŵayu. Bungwe loyamba la eni dziko lidayamba kumpoto mu 1912, ndipo mmodzi mwa oliyambitsa anali Levi Mumba. Pamene James Sangala ndi anzake adasonkhanitsa mabungwe otere mu Blantyre mu 1944 nkupanga Nyasaland African Congress, mtsogoleri woyamba amene adamsankha anali Mumba yemweyo, Mngoni wa ku Mzimba. Orton Chirwa, amene adayambitsa Malawi Congress Party mu 1959, anali wa ku Nkhata Bay. Pa 3 Marichi chaka chomwecho, tsiku limene timakumbukira ofera dziko, magazi ochuluka adakhetsedwa pa doko la Nkhata Bay, pamene asilikali adaombera anthu amene ankafuna kumasula abale ao otsekeredwa m'sitima ya Mpasa. Adafa osachepera 20. Dunduzu Chisiza wa ku Karonga, mlembi wamkulu wa chipani, adafera pa mlatho wa Thondwe mu Seputembala 1962, pa mseu wa Zomba.

Ife sitidadzere ku Zomba ndi ku Liwonde monga ankachitira makolo. Tidatulukira ku Lunzu, nkuoloka Shire pa Zalewa, osati kutali kwenikweni ndi Matope wa amtengatenga aja. Za chigaŵo cha pakati ndinena mwachidule. Pakati pa Ntcheu ndi Dedza mseu umatsata malire, kotero kuti ana adakondwa kugula mbatata ku Mozambique atangodumpha tala. M'dera limenelo ndimo Eklezia wathu adazika mizu: ansembe a Montfort ku Nzama mu 1901, a White Fathers ku Mua mu 1902, ku Likuni mu 1903, ku Bembeke mu 1910. Tsono titapitirira Kasungu ndi Jenda tidaona chikwangwani cha Katete, mishoni yoyamba ya Akatolika kumpoto, ya mu 1938. Kuchokera ku Nzama kufika ku Katete padapita zaka 37. Zifukwa zake nzodziŵika: ansembe anali ochepa, ndipo a Livingstonia anali atadzaza kale dzikolo ndi masukulu ao. Komabe tivomere kuti nafenso tinali m'gulu la anthu a kumwera ochedwa kukwera. Chigaŵocho chidapatsidwa mtsogoleri wakewake mu 1947, Mzuzu adakhala dayosizi mu 1961 pansi pa Ambuye Jean-Louis Jobidon, ndipo Karonga adadikira mpaka 2010.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, miseu idayamba kukonzedwa, ndipo kusamutsa likulu kuchoka ku Zomba kupita ku Lilongwe mu 1975 kudafupikitsa mtunda wa munthu wa kumpoto wofuna kuonana ndi boma. Izi nzoona ndipo siziyenera kubisidwa. Koma boma lomwelo limene lidafupikitsa mseu lidatalikitsa anthu. Mu 1968 msonkhano waukulu wa chipani udagamula kuti Chicheŵa chikhale chilankhulo cha dziko pamodzi ndi Chingerezi, ndipo Chitumbuka chidachotsedwa pa wailesi ndi m'sukulu. Ine ndikulemba m'Chicheŵa, ndimachikonda, ndipo ndikhulupirira kuti dziko limasoŵa chilankhulo chimodzi chomvanirana. Koma kupatsa anthu chilankhulo chomvanirana nkosiyana ndi kuŵalanda chao. Kuyambira pamenepo mwana wa ku Rumphi adakakamizidwa kudziŵa chilankhulo changa, pamene ine ndidakula osadziŵa ngakhale kupereka moni m'chilankhulo chake, ndipo palibe adandiŵerengera ngati mbuli. Chitumbuka chidabwerera pa wailesi mu 1994.

Tinali m'nkhalango ya Chikangawa, nkhungu ili tolo, pamene alamu adasimba nkhani imene ana ao anali asanaimvepo. Dzina la Chikangawa ndilo lokhalo la kumpoto limene anaŵa ankalidziŵa bwino, chifukwa cha ndege imene idagwa kumeneko pa 10 Juni 2024 nipha Wachiŵiri kwa Pulezidenti Saulos Chilima ndi anzake asanu ndi atatu. Mwana wamkulu adafunsa kuti, "Adadi, inu mudadutsa liti koyamba muno?" Iwo adati mu 1989. Chaka chimenecho Dr Banda adalamula kuti aphunzitsi onse akaphunzitse m'zigaŵo za kwao, ponena kuti a kumpoto ankaphunzitsa mwaulesi ana a pakati ndi a kumwera mwadala. Bambo wao wa alamu anali ataphunzitsa zaka zoposa 20 pa sukulu ina ya ku Bangwe. Alamu adabadwira ku Limbe, ankalankhula Chicheŵa chokhachokha, ndipo anali ndi zaka 12. Adagulitsa mipando ndi mbaula, nakwera basi pa Wenela, nabwezedwa "kwao" kumene mnyamatayo anali asanakuonepo. Anzake a ku Karonga ankamseka kuti ndi Mcheŵa. Ine ndinali m'kalasi yachitatu chaka chimenecho, ndipo ndikukumbukira kuti tidakhala miyezi tilibe mphunzitsi wa masamu. Palibe adatiuza chifukwa chake.

Nkoyenera kufunsa kuti lamulo limeneli lidachita chiyani ndi mau akuti "kwanu". Pa chikhalidwe chathu kufunsa munthu kwao nkumlemekeza: ukufuna kudziŵa amene adamlera, kuti udziŵe m'mene ungamlandirire. Mu 1989 funso lomwelo lidasanduka chigamulo. Anthu amene agogo ao adasenza katundu wa Mandala, amene atate ao adalemba mabuku a njanji ku Limbe, adauzidwa kuti ndi alendo. Kalata ya Aepiskopi athu ya pa 8 Marichi 1992 idadzudzula tsankho ndi kupanda chilungamo pa maphunziro ndi pa zina zambiri, ndipo idatuluka m'Chingerezi, m'Chicheŵa ndi m'Chitumbuka. Amene boma lidamthamangitsa m'dziko mwezi wotsatira anali Monsinyo John Roche, woyang'anira dayosizi ya Mzuzu. Ufulu wa zipani zambiri utabwera, chilonda chidaonekera poyera: pa chisankho cha 1994 mipando yonse 33 ya kumpoto idapita ku chipani cha Chakufwa Chihana, ndipo pakati ndi kumwera nakonso anthu ambiri adavotera mwana wa kwao.

Chodabwitsa nchakuti m'zaka za m'ma 1980 zomwezo Blantyre adaphunzira kuti sangakhale popanda mseu wa kumpoto. Nkhondo ya ku Mozambique idatseka njanji ya ku Beira ndi ya ku Nacala, kotero kuti pofika mu 1984 mafakitale a ku Makata ndi ku Limbe ankalandira katundu wao podzera njira zazitali ndi zodula za ku South Africa. Apo mpamene boma ndi maiko othandiza adakumbukira kuti kupitirira Karonga kuli mtsinje wa Songwe, ndipo kutsidya kwake kuli mseu wopita ku Dar es Salaam. Adakonza mseu wa kumalire ndi doko la Chilumba. Ganizo la James Stewart lakuti Karonga ndi khomo lidatsitsimuka patapita zaka 100, osati chifukwa chokonda anthu a kumeneko, koma chifukwa mafuta adaasoŵa mu Blantyre. Ngakhale mseu wa Karonga kupita ku Chitipa, umene ukutsata dera la mseu wa Stevenson, udadikira mpaka zaka za m'ma 2010 kuti uthiridwe tala.

Tsiku lachitatu tidadutsa Ekwendeni, kumene mafumu a Angoni adavomera ulamuliro wa Angerezi mu 1904, nkuloŵa m'chigwa cha Henga. Pa mtsetse wa Chiweta tidakumana ndi magalimoto a mafuta akukwera pang'onopang'ono, ndipo mwadzidzidzi nyanja idaonekera pansi pathu. Ana adafuula. Pa Chitimba tidaima nkuyang'ana mseu wa Gorodi umene umakwera ku Livingstonia mokhotakhota kokwana ngati 20, koma galimoto yathu inali yolema ndipo alamu adakana kuuyesa. Ndidaloza anaŵo madzi amene adameza Vipya. Anali bata ngati mphasa.

Tidafika kumudzi dzuŵa litapendeka, pakati pa nthochi ndi minda ya mpunga. M'njira monse mlongo wanga adaakhala akuphunzitsa ana mau amodzi a Chinkhonde, akuti "ndagha", kuti asakachite manyazi pothokoza. Agogo adatuluka atagwira ndodo, naŵapapasa kumaso mmodzimmodzi, kenaka adayankhula m'Chicheŵa cha ku Limbe chenicheni, chija cha pamsika: "Mwakulatu inu! Nanga uyu ndiye wachisamba?" Atandipatsa moni adanditcha "Abambo", kenaka adaseka nati, "Kapena ndizingoti amalume a ana? Mwabwera kudzatisiyira kapena kudzangotionetsa?" Ndidayankha kuti zimenezo tikambirana titadya.

Usiku umenewo sadafunse za ulendo. Adafunsa za Bangwe: ngati chitsime cha kumunsi kwa sukulu chikadalipo, ngati minibasi zikuimabe pamalo paja, ndipo makamaka za mai wina wa ku Mulanje amene adaayandikana naye nyumba, amene adamsungira nkhuku zake tsiku losamuka lija poganiza kuti abwerako msanga. Adatipatsa kathumba ka mpunga wa kilombero kuti tikampatse. Titabwerera ku Blantyre, ine ndi alamu tidapita ku Bangwe Loŵeruka lina nkufunsa nyumba ndi nyumba. Tidapeza mwana wake wamkazi, amene adati mai adamwalira zaka zinai zapitazo, koma dzina la aphunzitsi aja adalidziŵa msanga. Adalandira mpungawo, napempha nambala ya foni ya ku Karonga.